Makwerero a Mabuku a Ana: Muyeso wa Chingerezi pa Mawu a Chichewa

Mwa zinthu zatsopano zimene zafika m'manja mwa aphunzitsi a dziko lino, chimene chakondweretsa achinyamata koposa ndicho timabuku ta ana topezeka pa intaneti, toikidwa m'magawo monga mwa kuvuta kwake. Mphunzitsi amene ali ndi foni ya m'manja angathe kutsegula nkhokwe ya nthano zambirimbiri osagula buku ndi limodzi lomwe, ndipo pa nthano iliyonse apeza nambala yomuuza kuti iyi ndi ya gawo loyamba, iyo ya lachiwiri, inayo ya lachitatu. Nambala imeneyi iyenera kuyang'anidwa bwino, pakuti ophunzira uphunzitsi ambiri aikhulupirira monga akhulupirira sikelo ya ku chipatala, osafunsa kuti anaipima ndani, ndiponso kuti anaipimira mwana wa chinenero chiti.

Nzeru ya kuika mabuku pa makwerero si ya lero ayi. Dr. Michael West, amene anali mkulu wa sukulu ya aphunzitsi ku Dacca m'dziko la Bengal, anaona kuti ana ambiri a kumeneko ankaleka sukulu asanathe kuwerenga Chingerezi, popeza mabuku awo ankawakhuthulira mawu achilendo ochuluka pa tsamba limodzi. Tsono m'zaka za m'ma 1920 iye anakonza mabuku otchedwa New Method Readers, m'mene liwu latsopano linkalowa lokha, patalipatali, ndi kubwerezedwa kangapo lisanafike linzake. M'chaka cha 1953 anasindikizanso mndandanda wa mawu a Chingerezi ngati 2,000 amene mlendo wophunzira chinenerocho ayenera kuyamba nawo. Funso la West linali ili: kodi mwana uyu, amene kwawo salankhula Chingerezi, adziwa kale mawu ati? Ku America kunabuka njira ina. M'chaka cha 1948 Rudolf Flesch anakonza muyeso wopima kuvuta kwa nkhani powerenga kutalika kwa ziganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'liwu lililonse. Njira imeneyi siyang'ana mwana konse. Iyang'ana pepala lokha. Ndi yofulumira, ndipo makina angathe kuichita, chifukwa chake miyeso yambiri ya masiku ano yatsata mzimu wa Flesch koposa wa West.

Nkhokwe yodziwika kwambiri kuno ku Africa ndiyo African Storybook, imene bungwe la Saide la ku Johannesburg linayamba m'chaka cha 2013. Ntchito yake inayambira ku Kenya, Uganda, South Africa ndi Lesotho, ndipo lero muli nthano za m'zinenero zambiri, Chichewa ndi Chinyanja cha ku Zambia zili momwemo. Magawo ake ndi asanu. Loyamba lili ndi liwu limodzi kapena kachiganizo kakafupi pa tsamba. Lachiwiri ziganizo ziwiri kapena zitatu. Lachitatu ndime zazifupi. Lachinayi ndime zazitali. Ndipo lachisanu ndi la nthano zoti munthu wamkulu awerengere ana mokweza. Ina ndiyo StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India, yotsegulidwa m'chaka cha 2015. Zabwino za nkhokwe zimenezi sizibisika, ndipo wozikana akhala wosayamika. Zithunzi zake ndi zokongola, ana a m'zithunzimo ambiri ndi akuda onyamula mitsuko ndi kuweta mbuzi, ndipo koposa zonse eni ake alola munthu aliyense kumasulira nthano, kuisintha ndi kuisindikiza popanda kupempha chilolezo, malinga atchule amene anailemba ndi kuijambula. Aphunzitsi akale, amene anali ndi Sosa yekha wa Chichewa ndi nkhani za Timve ndi Tsala za Chingerezi, akadaona chuma chotere akadayesa maloto.

Koma wowerenga aone bwino chimene chisiyanitsa magawo asanuwo. Ndicho kuchuluka kwa mawu ndi ziganizo pa tsamba. Ndipo nthano ikamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, kawirikawiri isunga gawo lomwelo limene inali nalo poyamba. Apa ndipo pagona nkhani.

Muyeso uliwonse uyesedwa pa mwana weniweni. Tsono pakhale mwana wa Sitandade 1 wa m'dera la Mfumu Malenga Chanzi, m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, amene atate wake ndi msodzi ndipo amake alima mpunga ndi chinangwa. M'kalasi mwake, monga mwa ndondomeko ya kuwerenga imene Unduna wa Maphunziro unayamba m'dziko lonse m'chaka cha 2016, malembo saphunzitsidwa kuyambira a, b, c, koma kuyambira amene apezeka kawirikawiri m'Chichewa, aja aphunzitsi awatcha anikumeto. Mwanayo aphunzira kulumikiza lembo lopanda liwu ndi lembo la liwu: na, ka, mu, te. Maphatikizo a malembo awiri opanda liwu kapena kupitirira, monga mba, nkha, mpha ndi ntcha, abwera pambuyo, ndipo enieni ovuta, monga ng'o, nkhwa ndi thyo, achedwa koposa. Amenewa ndiwo makwerero enieni a Chichewa, ndipo muyeso wa kuchuluka kwa mawu suwaona ndi pang'ono pomwe.

Mabuku oyamba a Chingerezi akonda nyama za pakhomo, chifukwa maina ake ndi a malembo atatu osavuta: cat, hen, pig. Womasulira wokhulupirika alemba mphaka, nkhuku, nkhumba. Iye sanalakwe, ndipo nambala ya gawo loyamba ikhala pamalo pake, popeza liwu likadali limodzi pa tsamba. Koma mwana wa anikumeto uja wapatsidwa mph, nkh ndi mb pa masamba atatu oyamba, zinthu zimene sanafikepo. Liwu lofewa koposa m'Chingerezi lasanduka limodzi mwa mawu olimba m'Chichewa. Cow asanduka ng'ombe, sun asanduka dzuwa, fish asanduka nsomba. Galu yekha ndiye apulumuka bwino pa ulendowu. Mphunzitsi wosadziwa zimenezi aona mwana akukakamira pa buku lolembedwa kuti ndi la oyamba, nayamba kuganiza kuti mwanayo ndi wogona mutu. Mwananso aganiza chimodzimodzi za iye mwini, ndipo kuipa kwenikweni ndi kumeneku, pakuti mwana wa kunyanja amene wakhulupirira kuti buku lamukana sasowa kopita: kugombe kuli ntchito yom'patsa ndalama ya tsiku lomwelo.

Cholakwa chachiwiri chichokera m'kamangidwe ka mawu. Chichewa chilumikiza m'liwu limodzi zinthu zimene Chingerezi chizigawa m'mawu ambiri. Chiganizo chakuti She did not see them chili ndi mawu asanu, lililonse la phatikizo limodzi. M'Chichewa ndi liwu limodzi: sanawaone. Wowerenga mawu anena kuti tsamba la Chichewa lafewa kasanu. Wowerenga maphatikizo monga mwa Flesch anena kuti lavuta kasanu. Onse awiri asokera. Liwu limeneli maphatikizo ake ndi ofewa, sa, na, wa, o, ne, koma mwana ayenera kuwasunga onse asanu m'mutu kufikira atafika kumapeto, ndipo akaphonya lembo loyamba ndi lotsiriza awerenga anawaona, tanthauzo nkutembenuka. Kotero tsamba la Chichewa la mawu khumi lingathe kunyamula katundu wa mawu a Chingerezi makumi awiri kapena kupitirira, pomwe chizindikiro cha gawo chinena kuti masamba awiriwo ndi ofanana.

Akatswiri a ku South Africa anakumana ndi vuto lomweli pakati pa zinenero zawo. Chizulu ndi Chixhosa zilembedwa molumikiza monga Chichewa, pomwe Chisutu ndi Chitswana zilembedwa mogawagawa, kotero kuti nthano imodzi ikhala ndi mawu ochuluka m'Chisutu koposa m'Chizulu. Pokonza miyeso ya liwiro la kuwerenga iwo sanaike nambala imodzi. Anati mwana womaliza kalasi lachitatu awerenge mawu 35 pa mphindi m'zinenero za mtundu wa Chizulu, koma mawu 60 m'zinenero za mtundu wa Chisutu. Ngati zinenero ziwiri za pachibale, za m'dziko limodzi, zifuna miyeso yosiyana chotere, nanga Chichewa ndi Chingerezi zingapimidwe bwanji ndi chingwe chimodzi?

Palinso kanthu kena kakang'ono koyenera kukaona. Nthano zolembedwa m'Chinyanja cha ku Zambia zitsata kalembedwe ka kumeneko, kamene kalemba c pamene Malawi alemba ch, monga mabuku a kuno ankachitira asanafike malamulo a kalembedwe a m'chaka cha 1973. Munthu wamkulu sazindikira nkomwe kusiyanako. Mwana amene dzulo lomweli waphunzira kuti chala chiyamba ndi malembo awiri, akaona cala aima. Mphunzitsi akonze zimenezi asanaonetse ana, popeza chilolezo cha kusintha anapatsidwa kale.

Kunena za Chingerezi, mlandu wake ndi wina. Lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mayeso a Sitandade 8, kupatula a Chichewa, alembedwa m'Chingerezi. Motero makolo a ku Nkhotakota salakwa akamafuna kuti ana awo achidziwe msanga. Koma makwerero ambiri a Chingerezi a pa intaneti anakonzedwera ana a ku London ndi ku New York, amene pofika ku sukulu alankhula kale chinenerocho bwinobwino. Kwa iwo ntchito ndi imodzi, kuzindikira pa pepala liwu limene khutu lilidziwa kale. Mwana wa kwa Malenga Chanzi ali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, kutchula liwu ndi kupeza tanthauzo lake, ndipo yachiwiriyo muyeso wa kuchuluka kwa mawu suidziwa. Angathe kutchula bwino tsamba lonse monga chinkhwe, mphunzitsi nkukondwa, koma atafunsidwa m'Chichewa kuti zachitika ndi zotani m'nthanomo, angoyang'ana pansi.

Ndiponso timawu timene tioneka tating'ono ndito tovuta kwa mwana wa Chichewa. Liwu lakuti the, limene lili pafupifupi pa mzere uliwonse, lilibe mnzake m'Chichewa, ndipo kamvekedwe ka th wake si ka th wa m'liwu lakuti thumba. He ndi she onse ndi iye. Was, said ndi one satchulidwa monga alembedwera, chinthu chodabwitsa kwa mwana amene waphunzira kuti lembo lililonse lili ndi liwu lake losasintha. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu omveka mwa njira zisanu, ndiye khutu la mwana silisiyanitsa msanga ship ndi sheep. L ndi r m'Chichewa sasintha tanthauzo, koma m'Chingerezi play ndi pray ndi zinthu ziwiri. Phatikizo la Chichewa lithera ndi lembo la liwu, nchifukwa chake makolo anasandutsa book kukhala buku, ndipo mwana achita chimodzimodzi ndi cat ndi dog. Zonsezi zipezeka m'gawo loyamba. Kumbali ina, liwu lalitali monga banana kapena potato, limene muyeso wa Flesch uliyesa lovuta, mwana wa Chichewa aliwerenga mosavuta chifukwa limangidwa monga mawu a kwawo. Apa West anaona patali koposa amene anabwera pambuyo pake.

Chinthu chachitatu chimene nambala siingapime ndicho zimene mwana adziwa kale za m'dziko. Mwana wa kunyanja uja si mbuli. Asiyanitsa usipa, utaka, chambo ndi kampango asanayambe sukulu. Adziwa kuti mwera ukaomba mabwato sapita pamadzi. Waona chilimira chikukokedwa, usipa uli pa thandala, ndi mtambo wa nkhungu ukuyenda pamwamba pa nyanja. Mwina wamvanso akulu akusimba za mpasa wokwera mtsinje wa Bua kukaswana. Nthano ya gawo lachitatu yonena za bwato logwidwa ndi mphepo ingamufewere koposa ya gawo loyamba yonena za sitima ya pamtunda kapena chipale chofewa cha ku Ulaya, pakuti pamene liwu lamuvuta, nzeru zake za kunyanja zimuthandiza kulota chimene chikubwera. Izi sizitanthauza kuti awerenge za nsomba zokhazokha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo buku ndilo limuonetsa maiwe ena. Koma pa masiku oyamba, pamene mphamvu zake zonse zithera pa kulumikiza malembo, si chilungamo kumusenzetsanso dziko lachilendo.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti ku Linga ndi midzi yozungulira, kumene Chisilamu chinakhazikika kuyambira nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, ana ambiri apita ku madrasa ataweruka ku sukulu. Kumeneko akwera makwerero ena, a malembo a Chiarabu, owerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mwana wotere adziwa kale kuti chizindikiro cha pa pepala chili ndi liwu lake, ndipo limeneli ndi phindu lalikulu. Koma chala chake nthawi zina chiyambira mbali ina ya tsamba, ndipo mphunzitsi wochokera kutali asafulumire kumuyesa wosokonezeka.

Wina angafunse kuti, nanga matabuleti a m'sukulu sanathetse kale zonsezi? Ntchito ya bungwe la onebillion inayesedwa koyamba pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe m'chaka cha 2013, ndipo m'chaka cha 2023 Boma linayamba ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za Boma, Sitandade 1 kufikira 4. Matabuleti amenewa atenga moto wake ku mphamvu ya dzuwa, safuna intaneti, ndipo maphunziro ake a kuwerenga akwera kuchokera pa malembo ndi maphatikizo a Chichewa. Pa mfundo imeneyi apambana nthano zomasuliridwa, ndipo ayenera kuyamikiridwa. Koma tabuleti itsala ku sukulu, mwana akhala nayo kanthawi kochepa, ndipo pamene makina asankhira mwana ntchito, mphunzitsi angathe kuzolowera kuima pambali osadziwa kuti mwana wakuti wakodwa pa phatikizo liti. Pepala limodzi losindikizidwa ku boma la Nkhotakota, kapena nthano yokopedwa ndi dzanja pa katoni monga mwa nzeru za TALULAR zimene ophunzira uphunzitsi azidziwa, lipita ndi mwana kumudzi, nawerengera ang'ono ake pansi pa mtengo wa mango.

Tsono chimene chiyenera mphunzitsi ndicho kupimanso yekha buku lililonse asanalipereke. Emmett Betts wa ku America anapereka lamulo m'chaka cha 1946 limene ligwirabe ntchito: mwana akaphonya liwu limodzi kapena kupitirira pa mawu khumi alionse, bukulo lamukulira ndipo lingomulefula. M'Chingerezi lamuloli litsatidwe monga lilili, koma liwonjezedwe ndi mafunso awiri kapena atatu ofunsidwa m'Chichewa, kuti chinkhwe chija chigwidwe. M'Chichewa nkwabwino kuwerenga maphatikizo ophonyedwa m'malo mwa mawu, ndi kulemba kuti ndi ati, popeza mwana amene agwa pa nkh ndi mph yekha asowa mankhwala ena, ndipo amene ataya mapeto a mneni wamtali asowa enanso. M'kalasi la ana oposa 100, monga ena alili, palibe angayese aliyense tsiku limodzi. Ana asanu pa tsiku akwanira, ndipo mwezi usanathe mphunzitsi adziwa kalasi lake koposa nambala iliyonse ya pa intaneti.

Koma mwayi waukulu, umene aphunzitsi ambiri saugwiritsa ntchito, ndi uja wa kusintha nthano. Womasulira wa kutali akaona fish alemba nsomba, chifukwa ndilo liwu la m'buku la matanthauzo, ndipo liwu limeneli lili ndi ns ndi mb. Mphunzitsi wa kunyanja adziwa kuti pagombe anthu atchula nsomba ndi dzina lake. Usipa uli ndi maphatikizo atatu ofewa. Utaka ndiye uposa, pakuti malembo ake onse ali m'gulu loyamba lija la anikumeto. Chiganizo chakuti Atate atuma ana kukaona utaka chili ndi mawu asanu, ndipo limodzi mwa iwo ndi la maphatikizo anayi, kotero kuti muyeso wa Flesch ungachiike patali. Koma mulibe lembo ndi limodzi lomwe loposa asanu ndi anayi oyambawo, mulibenso malembo awiri opanda liwu oyandikana. Mwana wa kwa Malenga Chanzi angathe kuchiwerenga yekha atangomaliza malembo amenewo, ndipo ukonde ndi bwato, zimene malembo ake sanafikepo, zikhale m'chithunzi kuti azitchule ndi pakamwa.